Wayilesi ya sefuliya ya ku Lusaka: inali mphatso kapena nyambo?

A Chikaonda, Dedza:

Ndikupatsani moni nonse apagulu lino. Sabata yatha tinkasasula denga la nyumba yakale ya malemu bambo anga ku Linthipe, ndipo m'bokosi lamatabwa limene linali pansi pa makasu othyoka tinapezamo chinthu chimene ndinkayesa kuti chinatayika ndisanakwatire n'komwe. Ndi wayilesi yozungulira ngati sefuliya, ya mtundu wabuluu umene tsopano wasuluka, ndipo potulukira mawu pali kasefa ka waya. Adzukulu anga ataiona anaseka mpaka misozi, ati agogo awo aakulu ankaphikiramo ndiwo. Bambo ankagwira ntchito ya ukalaliki ku migodi ya kopa ku Mufulira, ndipo ankati anaigula kumeneko ine ndisanabadwe, n'kubwera nayo kumudzi atapuma ntchito. Chimene ndimakumbukira n'chakuti batire yake inali yolemera ngati njerwa, ndiponso kuti mwana aliyense wokhudza chopotokolera chake ankalawa mkwapulo tsiku lomwelo. Pempho langa kwa odziwa mbiri ndi ili: anapanga wayilesi imeneyi ndani, nanga n'chifukwa chiyani anaiumba ngati chiwiya cha kukhitchini? Ndikufuna ndikawauze adzukuluwa zenizeni, asamati agogo akungopeka.

A Tembo, Chipata:

A Chikaonda, mwatola chuma, chonde musachitaye. Azungu ankaitcha Saucepan Special, ndipo mbiri yake inayambira kwathu kuno, dziko likutchedwabe Northern Rhodesia. M'chaka cha 1941, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, boma la atsamunda linali ndi kanyumba kakang'ono koulutsira mawu ku Lusaka, ntchito yake yaikulu ili youza anthu za nkhondoyo, makamaka mabanja a asilikali akuda amene anatumizidwa kutali. Vuto linali lakuti mawu ankauluka ndithu, koma owamva anali ochepa zedi. Mawayilesi a nthawiyo anali okwera mtengo ndipo ambiri ankafuna magetsi, choncho boma linkangoika imodzi kwa mfumu, pa boma kapena m'holo ya ku migodi kuti anthu azisonkhana n'kumamvera pamodzi. Ikangowonongeka, kapena batire ikatha, inkakhala miyezi ili duu pakona.

Mkulu wa ofesi yofalitsa nkhani m'boma limenelo, Harry Franklin, ndiye anaona kuti n'kutaya ndalama kuimika milongoti ikuluikulu pamene m'nyumba za anthu mulibe cholandirira mawu. Iyeyo anakankhanso ganizo lakuti nyumba ya ku Lusaka iziulutsira anthu akuda a maiko onse atatu, Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, ya ku Salisbury iziulutsira azungu. Ndi mmene inabadwira Central African Broadcasting Station, imene inkalankhula Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chishona, Chindebele ndi Chingerezi. Kenaka bamboyo anatha zaka zingapo akugogoda m'makampani a ku Britain, kufuna woti apange wayilesi yotchipa, yolimba, yoyendera batire. Ambiri anamukana chifukwa sankakhulupirira kuti munthu wakuda angatulutse ndalama kugula wayilesi. Imene inavomera ndi kampani ya Ever Ready, ndipo m'kuona kwanga sikuti inavomera chifukwa cha chifundo: inali kampani yopanga mabatire, ndipo inadziwa kuti wogula wayilesi kamodzi adzabwerabwera kudzagula batire.

Inayamba kugulitsidwa mu 1949. Pofuna kuchepetsa mtengo, anatenga thupi la sefuliya ya aluminiyamu, yopanda chogwirira, n'kuikamo zam'kati za wayilesi, ndiye adzukulu anu sanaphonye kwenikweni. Kasefa mukunenako anakaika kuti mphemvu, nyerere ndi tizilombo tina tisalowe n'kukamanga m'kati. Za mtundu wabuluuwo, zimanenedwa kuti anausankha atafufuza n'kupeza kuti palibe mtundu wa anthu m'derali umene unkauyesa wamalodza.

Mayi Nabanda, Zomba:

Zikomo a Tembo chifukwa cha mbiri yomveka bwinoyi. Komabe mawu akuti yotchipa ndi oterera, ndipo amalonda amawakonda. Inali yotchipa kwa yani? Amayi anga ankanena kuti m'mudzi mwathu monse munalibe wayilesi mpaka dziko litalandira ufulu, ndipo mudziwo sunali wa anthu aulesi.

A Tembo, Chipata:

Funso lanu n'loyenera, mayi. Wayilesi inkagulidwa mapaundi 5, ndipo batire yake inali masheleni 25, yokhala maola pafupifupi 300. Tawerengani nokha: banja lomvera maola 3 madzulo aliwonse linkatha batire m'masiku 100, ndiye kuti pachaka linkalipira ndalama ya mabatire yotsala pang'ono kufanana ndi mtengo wa wayilesi yomwe. Apa ndi pamene panachokera mkwapulo wa a Chikaonda, chifukwa mwana woiwala kuzimitsa wayilesi anali ngati wasiya nkhokwe yotsekula. Kalaliki, mphunzitsi, mesenjala wa pa boma kapena wogwira ntchito ku migodi ankatha kuigula atasunga kwa miyezi ingapo, koma mlimi amene ankavutika kupeza ya msonkho sakanailota n'komwe. Chimene chinachulukitsa omvera si ogula ayi, koma mwambo wathu: wayilesi imodzi ikalira pakhonde, mudzi wonse unkabwera ndi mipando yake.

Kondwani, Lilongwe:

Akuluakulu, ine ndimakonza mawayilesi, makanema ndi mafoni, ndiye ndiloleni ndithirirepo za m'kati mwake. Agogo Chikaonda, mukatsekula kumbuyo mupezamo timababu tinayi tagalasi timene timatchedwa mavalavu. Timeneti ndito tinkakuza mawu, koma tinkafuna kutenthedwa kaye ndiponso tinkafuna mphamvu yambiri, n'chifukwa chake batire inali yaikulu choncho. Tilanzisita, kachipangizo kamene kanadzalowa m'malo mwa valavu, inatulukiridwa ku Bell Labs ku America mu 1947, sefuliyayi isanayambe n'kugulitsidwa komwe, koma wayilesi yoyamba ya tilanzisita inafika pamsika mu 1954, ndipo ya Sony ya ku Japan mu 1955. Zimenezi zitatsika mtengo, munthu anayamba kunyamula wayilesi paphewa kapena kuimangirira panjinga, ikuyendera mabatire a tochi, ndipo sefuliya inatha ntchito.

Chachiwiri ndicho ndikufuna tichigwiritsitse. Wayilesi imeneyi inkagwira shortwave. Mafunde amenewa sayenda chowongoka n'kuthera paphiri ngati a FM. Amakwera kumwamba, n'kukagunda mpweya wa kutali kwambiri umene umawabweza pansi, ndipo amakatera makilomita mazanamazana kuchokera kumene anachokera, makamaka usiku. Lusaka inasankha njira imeneyi chifukwa panalibe ina yofikira Karonga, Mongu ndi Bulawayo ndi nyumba imodzi youlutsira mawu. Koma chopotokolera chomwecho chimene chinkapeza Lusaka chinkathanso kupeza London ndi malo ena akutali, ndipo wogulitsa analibe njira yochimangira.

A Gondwe, Mzuzu:

Ndawerenga zonse, ndipo ndiloleni nditsutseko, chifukwa ndikuona kuti tayamba kuyamikira mbedza poona kunona kwa nyambo. Boma likamavutikira kuti m'nyumba iliyonse mukhale wayilesi, tizifunsa kuti likufuna kulankhulamo chiyani. Ku Germany mu 1933, Joseph Goebbels, nduna ya Hitler yofalitsa nkhani, analamula kuti kupangidwe wayilesi yotchipa yotchedwa Volksempfänger, ya mamaki 76, n'cholinga choti mawu a Hitler alowe m'khitchini iliyonse, ndipo nkhondo itayamba mu 1939 kumvera nyumba zoulutsira mawu zakunja kunasanduka mlandu. Sindikunena kuti Franklin anali Goebbels, ayi. Ndikunena kuti atsamunda anali ndi zolinga zawo: kuuza mlimi mmene alimire mizere, kuuza wa ku migodi kuti asanyanyale ntchito, ndipo posakhalitsa kuuza tonsefe kuti chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland n'chabwino.

Makolo athu sanali ogona. Chitaganyacho chikukonzedwa, mu 1952 ndi 1953, kunabuka mphekesera ku Lusaka ndi ku migodi zakuti aulutsi akuda a wayilesiyo anali m'gulu la banyama, amene kwathu kuno timati anamapopa, ndiponso zakuti shuga wathiridwa mankhwala oti anthu akuda asabereke. Aulutsi ena anaopsezedwa ndipo ankayenda mwamantha m'makomboni. Munthu wa lero angaseke, ngakhale kuti sitiyenera kuseka kwambiri popeza mu 2017 mphekesera yomweyi inapha anthu ku Mulanje ndi ku Phalombe, nthawi imeneyo ikuyenda pa foni. Ine ndimamva mphekesera ya 1953 motere: anthu anaona kuti mawu ndi a mwana wawo, chilankhulo ndi chawo, koma mwini nkhani ndi wina, ndipo anafotokoza mantha awo m'mawu amene anali nawo. Mu 1958 zonse zinalowa m'manja mwa Federal Broadcasting Corporation ya ku Salisbury, ndipo pa 3 March 1959, boma litalengeza kuti zinthu zafika poopsa mu Nyasaland n'kumanga Dr Banda ndi atsogoleri ena a Congress, nkhani yake pa wayilesi inali yochokera kwa omangawo.

A Tembo, Chipata:

A Gondwe, za cholinga cha atsamunda sindikukutsutsani, koma mwangoyang'ana pakamwa pa wolankhula, simunayang'ane khutu la womvera. Anthu sankagula sefuliya kuti amve za mizere. Ankaigula chifukwa cha nyimbo ndi moni. Nyumba ya ku Lusaka inkatumiza galimoto yojambulira m'midzi ndi m'makomboni, ndipo inasonkhanitsa nyimbo zochuluka za anthu wamba, kotero kuti munthu ankamva ng'oma ya kwawo ikulira kuchokera m'chitsulo. Omvera ankalemba makalata ambirimbiri kupempha nyimbo ndi kupereka moni kwa abale, ndipo mwamuna amene ali ku Wankie kapena ku Luanshya ankatha kudziwitsa mkazi wake kumudzi kuti ali moyo. Zimenezi sanazilembe Franklin m'mapulani ake monga ntchito yaikulu, koma ndizo zinakhala mtima wa wayilesiyo.

Tikumbukirenso kuti m'nyumba momwemo munakulira anthu ngati Alick Nkhata, amene anamenya nawo nkhondo ku Burma, n'kudzakhala muulutsi ndi woimba wotchuka m'maiko onse atatu, ndipo pambuyo pake anaimbira chipani cha UNIP pomenyera ufulu, n'kudzatsogolera ntchito youlutsa mawu dziko litakhala Zambia. Anafa mu 1978 pamene asilikali a Rhodesia anaukira msasa wa omenyera ufulu pafupi ndi munda wake ku Mkushi. Kodi munthu wotere tinganene kuti anali cholankhulira cha atsamunda basi?

A Gondwe, Mzuzu:

Ndavomera za Nkhata, koma tiyeni tibwere kwathu kuno tione chimene tinachita nacho cholowa chimenechi. Chitaganya chinatha pa 31 December 1963, ndipo mu 1964 kunakhazikitsidwa Malawi Broadcasting Corporation. Tinkayembekeza kuti tsopano mwini mawu ndi mwini nkhani akhala munthu mmodzi. M'malo mwake tinangosintha wokhala pampando, mpando n'kukhala womwewo. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chilankhulo cha dziko pamodzi ndi Chingerezi, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wayilesi. Ndikulemba izi m'Chichewa chimene ndimachikonda ndipo ndinachiphunzitsa zaka zambiri, koma agogo anga aakazi ku Rumphi anamwalira osamvanso nkhani za dziko lawo m'chilankhulo chimene ankamva. Chitumbuka chinadzabwerera mu 1994, ndipo zilankhulo zina monga Chiyao, Chilomwe ndi Chisena zinayamba kumveka kuyambira 1996.

M'chaka chomwecho cha 1968 kunabwera lamulo lopatsa mphamvu bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo. Kanema ndiye kunalibiretu: anzathu ku Southern Rhodesia anali naye mu 1960, ku Kitwe mu 1961, ife mpaka 1999. Kwa zaka 30 dziko lonse linali ndi nyumba imodzi youlutsira mawu. Mu May 1983, a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga ataphedwa, dziko linauzidwa kuti afa pa ngozi ya galimoto ku Mwanza, ndipo panalibe wayilesi ina m'dziko muno yoti ifunse kuti ngoziyo inachitika bwanji. Amene ankalemba zotsutsa ali kunja nawonso sanali otetezeka, poti mtolankhani Mkwapatira Mhango anafa pamodzi ndi a m'banja lake nyumba yawo itatenthedwa ku Lusaka mu 1989. Ndiye mukati wayilesi yotchipa inatsekula anthu m'maso, ine ndimati inatsekula khomo loti wolamulira alowe mpaka kuchipinda.

Mayi Nabanda, Zomba:

Abambo inu mwakhala mukukambirana za maboma, ndipo zonse mwanenazi n'zoona, koma ine ndikufuna ndinene za mphasa imene tinkakhalapo pomvera. Wayilesi yoyamba kwathu inali ya Nzeru, yopangidwa ku Blantyre konkuno, imene achimwene anga aakulu anagula ndi malipiro awo oyamba. Inali ya amuna. Bambo akachoka ankaitsekera m'sutikesi, kapena ankachotsa mabatire n'kupita nawo m'thumba, ndipo mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa kuti atipatseko madzulo amodzi. Amayi ankamvera ali chapatali, akusenda mbatata, ndipo nthawi yokha imene ankalamula kuti ana tikhale chete inali ya mauthenga achisoni.

Achinyamata a lero sangamvetse kulemera kwa pulogalamu imeneyo. Kunalibe foni m'midzi, kalata inkatenga masabata, ndipo telegalamu inkathera pa positi ofesi kudikira wopita kumudzi. Munthu akamwalira kuchipatala cha m'tauni, njira yachangu yodziwitsira abale obalalika m'maboma inali wayilesi, ndipo mudzi wonse unkatchera khutu kumva maina, mudzi, mfumu ndi boma. Wakumva ankanyamuka usiku womwewo kukagogoda kwa amene alibe wayilesi. Amayi anamva za imfa ya mlongo wawo mwa njira imeneyi, ndipo anafika maliro asanaikidwe. Kodi zimenezi tiziika mbali iti, a Gondwe, ya mphatso kapena ya nyambo? Wayilesi yomweyo imene inatinamiza za ku Mwanza ndiyo inatiuza zoona za malume. Inkatiseketsanso ndi masewero a Kapalepale, ndipo m'zaka za pambuyo pake Nkhani za m'maboma zinkatulutsa zochita za mabwana ankhanza ndi mafumu adyera zimene nyuzipepala za Chingerezi sizinkazilabadira.

A Chikaonda, Dedza:

Ndinafunsa za chitsulo, koma mwandikumbutsa za moyo wanga womwe. Mawu a Kondwani akuti wogulitsa analibe njira yomangira chopotokolera andifikitsa ku 1992. Ndinali mphunzitsi nthawi imeneyo, ndipo Lamulungu la pa 8 March ndinali m'tchalitchi pamene kalata ya maepiskopi inkawerengedwa. Inanena za malipiro ochepa, za kuchepa kwa mankhwala ndi mabuku, za anthu otsekeredwa popanda mlandu, ndiponso za mantha amene ankatseka anthu pakamwa. M'tchalitchi munali zii, ndipo potuluka aliyense ankayang'ana mnzake ngati akufunsa kuti kodi nawenso wamva zimene ndamvazi. Patangopita masiku ochepa boma linalengeza kuti kalatayo ndi youkira, ndipo wopezeka nayo apalamula. Nyumba yosindikizira mabuku ya Montfort ku Balaka, kumene inasindikizidwa, inatenthedwa, ndipo Monsignor John Roche anathamangitsidwa m'dziko.

Tsono funso n'lakuti, ife a kumidzi tinkadziwa bwanji zimene zinkachitika, popeza wayilesi yathu inkangonena mbali imodzi? Tinkadziwa chifukwa cha shortwave. Madzulo ndinkatseka mawindo, n'kutsitsa mawu mpaka pansi, wayilesi ili pakhutu, n'kumasaka BBC pakati pa phokoso longa la mvula pamalata. Ena ankatchera wayilesi ya ku Johannesburg imene inkaulutsa m'Chichewa, ija inadzatchedwa Channel Africa kumapeto kwa chaka chomwecho, ndipo imeneyi inali yamphamvu koposa chifukwa ngakhale amene sanapite kusukulu ankamva okha popanda womasulira. Za kumangidwa kwa a Chakufwa Chihana pabwalo la ndege ku Lilongwe pa 6 April tinazimva bwino kuchokera kunja. Nkhani zinkatuluka m'dziko pa fakisi, n'kubwerera pa shortwave, ndipo m'matauni mapepala a fotokope ankapezeka m'mawa atalowetsedwa kunsi kwa zitseko. Pofika pa riferendamu ya pa 14 June 1993, anthu ankadziwa kale kusiyana kwa nyali ndi tambala wakuda.

A Gondwe, inu mwati wayilesi inalowetsa wolamulira mpaka kuchipinda, ndipo sindikukana. Koma pakhomo lomwelo panalowanso alendo ena amene iye sanawaitane. Bambo anga ankatikwapula tikakhudza chopotokolera poopa batire, ndipo boma linkatiopseza pa chifukwa china, koma onsewa ankadziwa kuti mphamvu ya chitsulocho ili pamenepo.

Yohane, Johannesburg:

Bambo Chikaonda, zimene mwanenazi maboma a azungu kuno kummwera anazizindikira msanga, ndipo anayesa kuchotseratu chopotokoleracho. Mu 1952 ku Orlando, komwe lero ndi mbali ya Soweto, anayamba kulowetsa mawu m'nyumba za anthu akuda kudzera pa waya, m'nyumba n'kungopachika bokosi lolankhula. Munthu ankatha kukweza, kutsitsa kapena kuzimitsa, koma sankatha kusankha. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 anabweretsa Radio Bantu pa FM, chilankhulo chilichonse ndi nyumba yake, mawu omveka bwino kwambiri, ndipo mawayilesi otchipa a FM anadzaza m'masitolo. Wokhala ndi wayilesi yotere sakanatha kumva Radio Freedom ya chipani cha ANC, imene inkaulutsa pa shortwave kuchokera ku Lusaka, Dar es Salaam ndi mizinda ina, ndipo kuimvera kunali mlandu. Boma la Ian Smith ku Rhodesia nalo linalimbikitsa mawayilesi a FM yokha pa nthawi imene omenyera ufulu ankaulutsa kuchokera ku Maputo ndi ku Lusaka. Kanemanso kuno anamukaniza mpaka 1976. Choncho ndikaona sefuliya ya 1949 ndimati atsamunda a ku Lusaka, kaya mosadziwa kaya mokakamizidwa ndi kutalika kwa mitunda, anagulitsa chida chimene anzawo a ku Pretoria sakanalola.

Kondwani, Lilongwe:

Achimwene Yohane afika pamene pamandidetsa nkhawa ine. Lamulo la zofalitsa mauthenga la 1998, limene linakhazikitsa MACRA, bungwe loyang'anira nyumba zoulutsira mawu, litatsekula njira, tinalandira mawayilesi ambiri a FM: ya m'dera ya Dzimwe ku Monkey Bay, Capital FM ndi Radio Maria mu 1999, Zodiak mu 2005, ndi ena ochuluka. Palibe angakane kuti zimenezi zinasintha dziko, chifukwa mlimi tsopano amaimba foni n'kudzudzula phungu wake dziko lonse likumva. Koma FM imadalira mlongoti woimikidwa paphiri, monga la Dedza kapena la Zomba, ndiponso chiphaso chochokera ku boma, ndipo zonsezi zili pamene dzanja la wolamulira lingafike. Pa zionetsero za pa 20 July 2011, pamene anthu 20 anafa, nyumba zoulutsira mawu zinaletsedwa kuulutsa zochitikazo pomwepo. Mu April 2012, Pulezidenti Bingu wa Mutharika atamwalira pa 5, boma linadzavomereza pa 7, anthu atamva kale kuchokera ku nyumba zakunja ndi pa intaneti.

Chimene ndimaona pa benchi langa n'chakuti mawayilesi ambiri amene anthu akubweretsa masiku ano, pamodzi ndi a m'mafoni, alibe shortwave n'komwe. Tikuti zilibe kanthu popeza kuli WhatsApp ndi Facebook, koma intaneti nayo imadutsa m'makampani owerengeka okhala ndi ziphaso, ndipo maiko ena a mu Africa muno aizimitsapo pa nthawi ya zisankho kapena zionetsero, monga Uganda mu 2021 ndi Zimbabwe mu 2019. Khomo lakumbuyo limene agogo Chikaonda anatulukira mu 1992 tikulitseka tokha ndi njerwa, popanda wotikakamiza.

A Gondwe, Mzuzu:

Mwana uyu walankhula zanzeru, ndipo wandithandiza kuona pamene ine ndi a Tembo timasiyanirana. Ine ndimayang'ana mwini mlongoti, iwo amayang'ana mwini khutu. Sindisintha maganizo anga akuti sefuliya inabwera ngati nyambo, koma ndivomera kuti nsomba zina zinadya nyamboyo n'kusiya mbedza. Ndivomerenso kuti tsiku limene ndinanyadira wayilesi koposa linali la FM, pa 3 February 2020, pamene oweruza asanu ankawerenga chigamulo cha mlandu wa chisankho kuyambira m'mawa mpaka usiku, womasulira akutembenuzira m'Chichewa, ndipo mumsika wa Mzuzu ogulitsa tomato anali ataunjikana pa kawayilesi kamodzi monga mmene a Tembo afotokozera za pakhonde mu 1950. Chitumbuka sichinamveke m'khotimo, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Mayi Nabanda, Zomba:

Tisanabalalike, ine ndili ndi chidwi ndi chitsulo chimene chayambitsa zonsezi. Kondwani mwanawe, kodi chingalirenso, kapena a Chikaonda angochipukuta n'kuchiika pashelefu?

Kondwani, Lilongwe:

Chingathe kulira, mayi, ngati mavalavu sanasweke ndiponso ngati chinyontho sichinadye mawaya a m'kati. Agogo Chikaonda, chonde musayese kuchilumikiza ku magetsi a m'nyumba kapena ku batire ya sola, chifukwa mukatero mupsereza mavalavu nthawi yomweyo, ndipo kuwapeza lero n'kovuta. Batire yake yakale inkatulutsa mphamvu ziwiri, ya mavoti 90 ndi ya voti imodzi ndi theka. Ya 90 tingaipange polumikiza motsatizana mabatire 10 a mavoti 9, aja amakona anayi, ndipo inayo ndi batire wamba ya tochi. Pafunikanso waya wautali woponya pamtengo ndi wina wokhomera pansi. Musachitsuke ndi madzi, ndipo musapale utoto wabuluuwo. Ndikuchenjezeretuni kuti sichidzagwira wayilesi iliyonse ya FM; chikalira, tidzamva nyumba zochepa zakunja zimene zikuulutsabe pa shortwave, ndipo tidzayesere usiku.

A Chikaonda, Dedza:

Ndamva, mwana wanga, ndipo wandipulumutsa, chifukwa mdzukulu wanga wamkulu anali atabweretsa kale batire ya sola kuti tiyese madzulo ano. Ndachikulunga m'chitenje cha malemu amayi ndipo ndachibwezera m'bokosi lake. Ndibwera nacho Lachisanu pa minibasi ya m'mawa, ndipo ndichinyamula pamiyendo, sindilola kondakitala achiike kumbuyo pamodzi ndi matumba a mbatata. Mabatire 10 aja ndigula ndikafika, undiuze chabe sitolo imene sagulitsa achinyengo. Adzukulu awiri akuti abwera nawo, ndipo wamng'onoyo wafunsa kale ngati adzaloledwe kupotokola yekha.